Mtanda Usanafike Ubatizo

Tikawerenga Yohane mutu 3, pomwe Nikodemo adapita kwa Yesu usiku nauzidwa kuti ayenera kubadwanso, timamva ngati nkhani yozolowereka. Kwa akhristu oyamba a Anglican m'dziko muno inali nkhani yogawa mabanja.

Dayosisi ya Northern Rhodesia idayamba mu 1910, Bishopu woyamba ali John Hine wa UMCA. Chaka chotsatira, ku Msoro pakati pa Akunda, kutsidya kwa Luangwa tikachoka kuno kwa Shikabeta, kudafika wansembe Leonard Kamungu. Sadali mzungu ayi. Adali Mchewa wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, wophunzira ku Kiungani pachilumba cha Zanzibar, ndipo adadzozedwa unsembe mu 1909. Adamwalira ku Msoro komweko mu February 1913, atatumikirako zaka ziwiri zokha.

Chimene chimatigwira mtima ndi njira imene UMCA inkalandirira anthu. Munthu sankabatizidwa chifukwa walira pamsonkhano usiku umodzi. Ankayamba ngati womvera chabe. Akaonetsa kuti watsimikiza, ankapatsidwa kamtanda pamaso pa mpingo, nkuyamba maphunziro a ubatizo amene ankatha zaka. Pa nthawi yonseyo anthu ankamuyang'ana: kodi wasiya kuombeza ula? Nanga za mitala wakonza bwanji? Ambiri adabwerera panjira, ndipo sitiwaweruza. Kukana mwambo wa amalume ako m'mudzi momwe umadya nawo nsima sichinthu chopepuka.

Ena amati amishoni adaumitsa zinthu, ngati chipulumutso ndi mayeso a Giredi 7. Ife amene tidagwirapo choko tikudziwa kuti mwana angathe kuloweza katekisimu yense mtima uli kwina, ndipo Yesu mwini adafanizira ntchito ya Mzimu ndi mphepo yosalamulidwa ndi munthu. Komabe kudikirako kunkaphunzitsa chinthu chimodzi: chikhristu sicholowa ngati munda wa makolo. Nikodemo adali mphunzitsi wa Israeli, wa fuko loyenera, koma zimenezo sizidamukwanire.

Ambiri a ife tidabatizidwa tili pamsana, sitidadikirepo tsiku ndi limodzi lomwe. Aja a kamtanda, ulaliki ukatha, ankatulutsidwa m'tchalitchi Mgonero usanayambe. Ankakhala panja Lamulungu ndi Lamulungu, akumva anzawo akuyimba mkati, mpaka tsiku la madzi litakwana.