Kupsa kwa Matimati: Zomwe Zimachitika M'kati mwa Chipatso

Matimati, amene ena amati tomato kapena phwetekere, anachokera ku South America. Kuno ku Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, amalimidwa m'madimba a pakati pa nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Vuto lake aliyense amalidziwa: dengu la matimati likapsa lonse tsiku limodzi, wogulitsa amatsitsa mtengo, apo ayi ataya. Kodi n'chiyani chimapsetsa matimati, nanga bwanji mitundu ina imakhalitsa?

Mpweya wopsetsa

Chipatso chikakhwima chimayamba kutulutsa mpweya wosaoneka wotchedwa ethylene. Mpweyawu ndi umene umayambitsa kupsa: kubiriwira kumatha, kufiira kumabwera, fungo limamveka, mnofu umafewa. Ethylene amafika ndi ku zipatso zoyandikana nazo, n'chifukwa chake limodzi likapsa m'dengu, anzake sachedwa. Nthochi yakupsa nayonso imatulutsa mpweya womwewu.

Majini

Chomera chilichonse chimatengera malangizo a kakulidwe kake kwa makolo ake kudzera m'mbewu. Malangizowa asayansi amawatcha majini. Si majini a ziwanda aja ayi! Mu 2012 asayansi a m'mayiko ambiri anamaliza kuwerenga malangizo a matimati, ndipo anapeza majini pafupifupi 35,000.

Limodzi mwa majiniwa limatchedwa RIN. Lili ngati kapitawo, chifukwa limauza majini ena ambiri kuti nthawi yopsa yakwana. Mu 1968 ku America kunalembedwa za matimati odabwitsa amene sankafiira, ankangosanduka achikasu koma olimbabe. Mu 2002 gulu la James Giovannoni linasonyeza kuti jini la RIN m'matimati amenewo ndi losinthika.

Mbewu ya haibulidi

Chomera chimalandira jini lililonse kawiri, lina kuchokera ku kholo lachimuna, lina ku lachikazi. Akatswiri a mbewu anakwatitsa matimati osapsa aja ndi matimati wamba. Ana ake, okhala ndi RIN mmodzi wabwino ndi wina wosinthika, amafiira ndithu koma pang'onopang'ono, ndipo amapirira ulendo wautali. Kuipa kwake n'koti kukoma ndi fungo zimachepako. Mitundu ina ya haibulidi yokhalitsa inapangidwa motere.

Apa mlimi achenjere. Mukasunga njere za haibulidi wotere n'kudzafesa, pa zomera zinayi zilizonse pafupifupi chimodzi chimatenga RIN wosinthika mbali zonse ziwiri, ndipo zipatso zake sizifiira ngakhale mutadikira bwanji. Paketi ikalembedwa F1, dziwani kuti ndi haibulidi. Mitundu monga Tengeru 97 ndi Tanya, yomwe inatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, si haibulidi, choncho njere zake mutha kusunga.

Kutentha

Majini sagwira ntchito paokha, nyengo nayo ili ndi mbali yake. Matimati amafiira bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukapitirira 30, monga zimakhalira mu Okutobala ndi Novembala, kufiira kumavuta. Chipatso chimaoneka chachikasu koma chikufewabe.

Zoyenera kuchita

- Ngati msika uli kutali, monga ku Cuamba, thyolani matimati akangoyamba kusintha mtundu kunsonga. Akapsera m'njira.
- Musathyole anthete, chifukwa sadzakoma.
- Sungani pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena m'pepala la pulasitiki lomanga.
- Patulani akupsa ndi ophwanyika. Chipatso chovulala chimatulutsa ethylene wambiri.
- Mukafuna kuti apse msanga, ikani nthochi yakupsa m'dengu n'kuvundikira.

Pogula mbewu funsani wogulitsa kapena mlangizi mafunso awiri: ndi haibulidi kodi, nanga zipatso zake zimatha masiku angati zikathyoledwa?