Kusankha zida zojambulira nyama zakutchire popanda kuzisowetsa mtendere

Foni ya m'manja imajambula bwino ukwati ndi chinkhoswe, koma kutchire imaperewera. Kuti njovu yotalika mamita atatu idzaze chithunzi cha foni wamba, wojambula ayenera kuima mamita atatu kapena anayi okha kuchokera pomwe yaima. Pamtunda wotere moyo wa munthu uli pachiswe, ndipo njovuyo yasiya kale kudya. Ichi n'chifukwa chake funso loyamba posankha zida zojambulira nyama limakhala la mtunda: kodi chidachi chithandiza munthu kupeza chithunzi ali patali, nyama ikupitiriza zochita zake?

Funsoli lili ndi phindu masiku ano pomwe nyama zabwerera m'malo ambiri osungirako zachilengedwe m'dziko muno. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira m'chaka cha 2003, kudabwezeretsedwa zipembere, kenaka njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Ku Liwonde mikango idabwerera mu 2018, ndipo mu 2019 kudafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Nyama zimenezi zidabwera pa mtengo waukulu, choncho mlendo wonyamula kamera ali ndi udindo wosazionjezera mavuto.

Lenzi ndiyo imagula mtunda

Ambiri amayamba ndi kufunsa dzina la kamera, pomwe chida chofunika kuposa zonse ndi lenzi. Kutalika kwa lenzi kumayezedwa m'mamilimita, ndipo nambala ikakula, chinthu chakutali chimaoneka pafupi. Kamera ya foni wamba imafanana ndi lenzi ya mamilimita pafupifupi 26. Lenzi ya mamilimita 400, ikaikidwa pa kamera ya mtundu wa full frame, imadzaza chithunzi ndi njovu ija wojambula ali pa mtunda wa mamita 50. Ya mamilimita 600, pamtunda womwewo, imatenga malo a mamita atatu m'litali ndi awiri m'mwamba, omwe ndi okwanira mphalapala yathunthu ndi nyanga zake.

Kwa nyama zikuluzikulu, lenzi ya mamilimita 300 mpaka 400 imakwanira. Mbalame zimafuna 500 kapena 600. Malenzi otha kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa, monga a 100-400 kapena a 150-600 omwe amapangidwa ndi makampani a Sigma ndi Tamron, ali ndi ubwino woti nyama ikayandikira yokha, wojambula amangotembenuza lenzi m'malo mouza dalaivala kuti asunthe galimoto. Kulira kwa injini kamodzi kokha n'kokwanira kubalalitsa agwape omwe amamwa madzi. Lenzi ya 150-600 imalemera pafupifupi makilogalamu awiri, kotero woigula ayambe wainyamula n'kumva ngati mikono yake ingapirire kwa maola angapo.

Pali kachida kena kotchedwa teleconverter komwe kamalowa pakati pa kamera ndi lenzi. Ka 1.4 kamasandutsa lenzi ya mamilimita 400 kukhala ya 560, koma kamachepetsa kuwala kolowa m'kamera ndi theka. Kamathandiza masana, koma m'bandakucha ndi madzulo kamabweza ntchito m'mbuyo.

Kutalika kwa lenzi kulinso ndi malire ake. M'mwezi wa October, kuchigwa cha Shire, mpweya wotentha wokwera kuchokera m'nthaka umachititsa zinthu zakutali kuoneka ngati zikugwedera, ndipo palibe lenzi yomwe ingakonze zimenezi. Yankho lake ndi kujambula m'mamawa, nthaka isanatenthe.

Kamera yosamveka

M'kati mwa kamera muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensor. Makamera a sensor yocheperapo, otchedwa APS-C, amaonetsa nyama pafupi kuposa a full frame pa lenzi yomweyo. Lenzi ya mamilimita 400 imagwira ntchito ngati ya 600 pa makamera otere a Nikon, Sony ndi Fujifilm, ndipo ngati ya 640 pa a Canon. Pa makamera a Micro Four Thirds nambalayi imawirikiza kawiri. Kwa munthu yemwe thumba lake ndi lopyapyala, iyi ndi njira yotsika mtengo yopezera mtunda. Palinso makamera a lenzi yosachotseka, monga Sony RX10 IV yomwe imafika pa mamilimita 600 ndi Nikon Coolpix P1000 yomwe imafika pa 3000. Amenewa amajambula bwino dzuwa likuwala, koma kukayamba kuda zithunzi zake zimatuluka ndi timadontho ngati mchenga.

Chinthu chachiwiri chofunika kufunsa ndi phokoso. Makamera akale a mtundu wa DSLR ali ndi kagalasi kam'kati komwe kamagunda pojambula, ndipo munthu akajambula zithunzi zambiri motsatizana, mbalame yomwe ili pafupi imadzidzimuka. Makamera a mirrorless alibe kagalasiko ndipo ambiri amatha kujambula mosamveka konse. Amene ali ndi DSLR ayang'ane ngati ili ndi njira yochepetsera phokoso, ndipo azimitse kulira kwa kamera kosonyeza kuti chithunzi chalunjika.

Chachitatu ndi mphamvu ya kamera pojambula kuwala kukachepa, yomwe imayezedwa ndi nambala za ISO. Nyama zambiri zimayenda m'mamawa ndi madzulo. Nyama yoyenda imafuna kuti kamera itsegule ndi kutseka mwachangu, pa 1/500 ya sekondi kapena kuposa, pomwe nkhwazi youluka imafuna pafupifupi 1/2000. Kamera yotulutsabe chithunzi chabwino pa ISO 3200 kapena 6400 imachotsa chiyeso choyatsa flash.

Zida zoyenera kusiyidwa kunyumba

Flash imathobwa m'maso nyama zoyenda usiku monga kambuku, changa ndi kadzidzi, zomwe maso ake amazolowera mdima. Nyama yothobwa m'maso imatha kuphonya chakudya chake kapena kugwidwa ndi mdani. Pa maulendo ausiku, otsogolera alendo ambiri amagwiritsa ntchito nyali yofiira, ndipo wojambula ayenera kukhutira ndi kuwala komweko.

Tindege ta drone timapereka zithunzi zokongola zakumwamba, koma nyama zimavutika nato. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Minnesota ku America, wosindikizidwa mu 2015, adapeza kuti mtima wa zimbalangondo umagunda mothamanga kwambiri drone ikamauluka pamwamba pake, ngakhale nyamazo zisakuonetsa mantha. Njovu nazo zimathawa phokoso la tindegeti, moti ku Tanzania tagwiritsidwapo ntchito pozipirikitsa m'minda ya anthu. Ku Kruger National Park alendo saloledwa kuulutsa drone. Kulikonse komwe munthu akupita, ayambe wafunsa oyang'anira malowo.

Sipika yoliza mawu a mbalame kuti ziyandikire imachititsa yaimuna kusiya chisa n'kumasaka mdani yemwe kulibe. Nyambo nayo imaphunzitsa nyama kuyembekezera chakudya kwa anthu, ndipo nyani kapena fisi wozolowera anthu mapeto ake amaphedwa ngati nyama yovuta. Makamera omangirira pamtengo, omwe amajambula okha nyama ikadutsa, ndi zida za ofufuza zomwe zimafuna chilolezo.

Tizida tating'ono tofunika

M'galimoto, chotsamiritsa lenzi chabwino ndi kathumba kodzaza nyemba, mpunga kapena chimanga, koikidwa pawindo. Telala aliyense angakasoke. Miyendo itatu yoimikira kamera imathandiza pansanja yoonerapo nyama, koma m'boti la pa mtsinje wa Shire imangolandira kunjenjemera kwa injini. Kumeneko lenzi yokhala ndi mphamvu yochepetsa kugwedera ndiyo imathandiza.

Magalasi oonera patali a 8x42 amalola wojambula kuwerenga khalidwe la nyama asanayandikire. Mabatire awiri kapena atatu ndi makhadi osungira zithunzi okwanira amachotsa phuma. M'chilimwe fumbi limalowa m'kamera posintha lenzi, pomwe m'dzinja chinyezi chimameretsa chuku m'kati mwa magalasi. Wogula lenzi yogwiritsidwapo kale ntchito aiunike ndi tochi kuti aone ngati mulibe timizere tonga ukonde wa kangaude.

Chida chobisika m'chithunzi

Mafoni ndi makamera ena amalemba m'chithunzi malo enieni omwe chajambulidwa kudzera pa GPS. Chithunzi cha chipembere chikaikidwa pa intaneti ndi uthenga umenewu, chimatha kukhala mapu a anthu opha nyama mozembera lamulo. Malo ena osungira nyama ku South Africa ali ndi zikwangwani zopempha alendo kuzimitsa GPS asanajambule. Kuzimitsako pakokha sikukwanira, pakuti phiri, dziwe kapena chikwangwani cha msewu chooneka m'chithunzi chimaululanso malo. Kwa chipembere ndi ngaka, nzeru ndi kudikira masiku angapo asanatumize chithunzi, ndiponso osatchula dera.

Chithunzi chonena zoona

Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, udalandapo anthu mphotho chifukwa cha chinyengo. Mu 2010 José Luis Rodríguez wa ku Spain adalandidwa mphotho yaikulu oweruza ataona kuti mmbulu wa m'chithunzi chake uyenera kuti udali woweta. Mu 2018 Marcio Cabral wa ku Brazil adachotsedwa pa mndandanda wa opambana akatswiri atagamula kuti nyama yodya chiswe ya m'chithunzi chake idali yakufa, youmikidwa. Onse awiri adakana milanduyi. Pachifukwa chotere, kamera yosunga zithunzi mu mtundu wa RAW ndi yofunika, popeza imasunga chithunzi momwe chidalowera, chomwe chimakhala umboni pakabuka mafunso.

Muyeso wotsiriza ndi nyama yomwe

Malo ena amaika mtunda m'malamulo. Ku Yellowstone ku America, mlendo ayenera kutalikira zimbalangondo ndi mimbulu ndi mamita 91, ndipo nyama zina ndi mamita 23. Komwe kulibe nambala yotere, mawu a wotsogolera alendo ndi khalidwe la nyama ndizo muyeso. Njovu ikatambasula makutu n'kupukusa mutu, mvuu ikamayasamula moyang'ana boti, kapena mbalame ikauluka pachisa n'kusiya mazira padzuwa, ndiye kuti munthu wayandikira mopitirira, ngakhale lenzi yake ikhale yaitali chotani. Zikatero abwerere m'mbuyo, injini izimitsidwe, ndipo adikire. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyama yomwe yaiwala kuti pali munthu ndiyo imayamwitsa, kusewera ndi kusaka kamera ikuona.