Mbiri ya Kusankhirana Nyimbo kwa Malemia

Dera la Mfumu Yaikulu Malemia, momwe muli boma la Nsanje ndi mapiri a Chididi, lakhala likulandira nyimbo zochokera kutali kwa zaka zoposa 100, ndipo chizolowezi cha anthu ake chomvera nyimbo zauzimu pamodzi ndi zakale za azungu sichinayambe ndi mafoni a m'manja monga ambiri amaganizira. Amang'anja ndi Asena a kuchigwaku anali ndi zoimba zawozawo, monga valimba, yemwe ndi mangolongondo aakulu okhala ndi zikho kunsi zokuzira mawu, komanso magule a utse ndi likhuba; koma njanji yochoka ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, itafika ku Blantyre mu 1908, ndiponso mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, derali linasanduka khomo lodutsira anthu opita ndi kuchokera ku Beira, Salisbury ndi Joni, omwe ena mwa iwo ankabwerera kumudzi ndi gitala kapena galamafoni.

Malire a pakati pa nyimbo zauzimu ndi zam'dziko anaikidwa ndi amishoni. A South Africa General Mission, omwe anakhazikika ku Lulwe ndi ku Chididi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo mpingo wawo lero ndi Africa Evangelical Church, anaphunzitsa nyimbo za m'buku zoimbidwa m'mawu anayi, pamene ng'oma ankaiona ngati chinthu cha kumowa ndi kumizimu, makamaka m'dziko lomwe kachisi wa Mbona ku Khulubvi anali ndi mphamvu. Akatolika, omwe anadza ndi ansembe a chipani cha Montfort, anayamba kulola ng'oma m'tchalitchi pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican womwe unatha mu 1965, chaka chomwenso dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa.

Chomwe chinafafaniza malirewo m'makutu a anthu ndi wailesi. Kuyambira mu 1964 kufikira m'zaka za m'ma 1990, dziko lonse linkadalira nyumba imodzi youlutsira mawu ya MBC, ndipo popeza m'dziko muno munalibe kwina kotembenukira, mkulu wa mpingo ndi mwini bala ankamva zofanana: kwaya, gulu la banjo, kenaka Jim Reeves, Skeeter Davis kapena The Beatles. Jim Reeves ndiye anasokoneza kwambiri owerengera malire, chifukwa mawu amodzimodziwo ankaimba zachikondi ndi zauzimu, monga m'chimbale chake cha We Thank Thee cha mu 1962, motero mkhristu wokhwima ankamusunga m'nyumba popanda womuloza chala. Achinyamata okhala ndi wailesi zokoka patali ankasaka LM Radio ya ku Lourenço Marques, yomwe inkaulutsa chamba cha pop ndi rock, ndiye kuti nyimbo za magitala amagetsi zovinidwa ndi achinyamata a ku Ulaya ndi America, mpaka inatsekedwa mu 1975. Nalo boma linali ndi malire ake, osati a uzimu koma a ndale, moti nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha kufanana dzina ndi Mayi Cecilia Kadzamira, omwe anali pafupi kwambiri ndi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo.

M'nyengo imeneyi ndi momwe kusankhirana nyimbo kunakhala mwambo. Womvera ankalemba khadi la moni n'kulitumiza papositi, natchula abale ake mmodzimmodzi pamodzi ndi nyimbo yoti awaimbire, ndipo mapologalamu monga Zokonda Amayi anakula pa njira yomweyi. Kwa munthu wa ku Nsanje wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo kapena m'mafakitale a ku Limbe, nyimbo yosankhidwayo inali kalata yachiwiri, younena zomwe sakanatha kulemba: kulakalaka kwawo, kupepesa maliro, kapena kufunsira mbeta. Wosankha sankafunsa ngati nyimbo ndi ya kutchalitchi kapena ya kubala, koma ngati ikumuyenera wolandirayo, ndipo muyeso umenewu, ngakhale sunalembedwe paliponse, unali wanzeru kuposa wa paguwa.

Oimba eniake anatsata omvera awo. Gulu la Alleluya, lomwe linayamba pa parishi ya Katolika ya Balaka mu 1978, linaika uthenga wa Mulungu pa magitala ndi mayendedwe a reggae, ndipo Paul ndi Lucius Banda a m'gululi anaonetsa kuti chimbale chimodzi chitha kunyamula pemphero ndi dandaulo la mmphawi. Ethel Kamwendo Banda anachoka ku nyimbo zam'dziko n'kukhala mmodzi wa oimba zauzimu otchuka, pamene kuchigwa Boniface Ndamera wa gulu la Lucky Stars, ndipo pambuyo pake Joseph Tembo wa ku Chikwawa yemwe anamwalira mu 2019, anakweza kaimbidwe ka Chisena pa wailesi. Anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anachuluka kuposa eni nthaka m'boma la Nsanje, anaonjezerapo makwaya ndi makaseti awo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, wailesi zinachuluka, zina za mipingo monga Radio Maria, zina za m'madera monga Nyanthepa ya ku Nsanje, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu akanatha kumvera zauzimu zokhazokha tsiku lonse. Komabe kaseti yojambulitsa kwa mnzake, ndipo kenaka memore khadi yodzazitsa kwa anyamata obena nyimbo pa kompyuta kumsika, zinapitiriza kusakaniza kuja, moti Grace Chinga, Don Williams ndi Alick Macheso amatsatizana m'foni imodzi. Chasintha ndi wosankha: kale anali mbale wodziwa mtima wa womvera, pamene lero kawirikawiri ndi wogulitsa, yemwe amathira nyimbo mazanamazana malinga ndi kukula kwa khadi, zambiri mwa izo zoimbidwa iye asanabadwe.