Ndende ya Lindela ndi Osunga Ace

Ku Ngala, monga m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, njira ya ku Joni ndi yakale. Makolo anapita ndi Wenela kukakumba golide, ndipo tikumbukira caka ca 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nipha anthu akwathu oposa 70. Adzukulu ao apitabe, koma ambiri apita pa okha, opanda zikalata zokwanira. Munthu wotere akagwidwa ndi apolisi, amtengera ku Lindela, pafupi ndi mzinda wa Krugersdorp, kukadikira tsiku lakumbweza kwao.

Kuno kwathu ndende ziri m'manja mwa Boma. Ku South Africa sikunatero masiku onse. Kale ku Kimberley kampani ya De Beers inali ndi ndende yaceyace, ndipo akaidi anagwira nchito ya kampaniyo kufikira caka ca 1932. Lindela nayonso inabadwira pa mgodi, pakuti nyumba zace zinali komboni ya anchito. Inatsegulidwa m'caka ca 1996. Boma linapatsa kampani ya Dyambu, imene pambuyo pace inatenga dzina lakuti Bosasa, nchito ya kusunga anthuwo, kuwadyetsa ndi kuwalonda. Malipiro anawerengedwa pa mutu: munthu mmodzi, tsiku limodzi, ndalama zakuti.

Taganizani za ici, inu owerenga. Wosunga anthu akalipidwa pa mutu, sadandaula nyumba ikadzala, ndiponso safulumira kukumbutsa Boma kuti uje wakhalitsa. Mphamvu yakumasula munthu inali ndi Boma, koma makiyi, mphika ndi alonda zinali ndi kampani. Tsono wodwala kapena womenyedwa akapita kwa yani? Amene ali m'katimo sadziwa lamulo la dzikolo, cinenero nca eni, ndipo abale ace ali kutali ku nyanja, poyesa kuti mwana wao ali pa nchito.

Ulendo wobwerera unali ndi mabvuto ace. Anthu a ku Mozambique ndi Zimbabwe anawakweza sitima ya pamtunda, ndipo ena analumpha sitima iri kuthamanga. Akwathu, popeza kwao nkutali, anadikira basi kapena ndege.

Oyang'anira analipo, koma mau ao analemera pang'ono. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikomo linalemba za zoipa za ku Lindela m'caka ca 2000. Lamulo la 2002 linati munthu asungidwe masiku 30, ndipo bwalo la milandu likalola, aonjezepo masiku 90 okha. Koma anthu anapezekabe atapyola masiku 120 amenewa. M'caka ca 2014 bwalo lalikuru la ku Johannesburg linaweruza kuti kutero nkuswa lamulo, nililamula kuti bungwe lija lizilandira maina a osungidwa. M'caka ca 2017 bwalo loposa onse linati wogwidwa aonekere pamaso pa woweruza asanathe maola 48.

Cimene cinagwetsa Bosasa sicinali kulira kwa alendo ai. Kampaniyo inalinso ndi nchito yakuphikira akaidi m'ndende za Boma. M'mwezi wa January 2019 mkuru wina wakale wa kampaniyo, Angelo Agrizzi, anaima pamaso pa Woweruza Raymond Zondo, naulula kuti anali kulonga ndalama m'matumba ndi kupatsa akuru a Boma, kuti nchito isacoke m'manja mwao. Mwezi wotsatira mabanki ananena kuti adzatseka mabuku a kampaniyo, ndipo inagwa. Koma ofufuza a Boma anali atalemba kale za ziphuphu za m'nchito ya ndendezo m'caka ca 2009, ndipo panapita zaka khumi asanamangidwe munthu.