Sitima idathera patsinde pa mapiri a Dowa

Ukamatsika msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, ukangodutsa pa Chezi ndi pa Mvera, makutu amatseka, dalaivala phazi silichoka pabuleki. Kamphepo ka ku Dowa kamatsalira m'mwamba, kutentha kwa kunyanja n'kukulandira ndi manja awiri. Galimoto imamaliza chitsetse chimenechi mosakhalitsa, koma njanji idadikira zaka 44 patsinde pake isadapeze pokwerera.

Njanji ya dziko lino idayambira kumunsi, ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, ndipo idafika ku Blantyre mu 1908. Kuchigawo chapakati idachedwa. Mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana udatsegulidwa pa Zambezi, ndi pomwe sitima idalira koyamba ku Salima itadzera ku Balaka ndi Chipoka. Maganizo oyamba adali oti ikathere ku Domira Bay, ikakumane ndi sitima zapamadzi, koma doko lidakhazikika pa Chipoka ndipo njanji idangothera pa Salima.

Ambiri sadziwa kuti masiku amenewo Salima sidali boma paokha. Dera lonse la kunyanjako lidali m'manja mwa bwanamkubwa wa ku Dowa, monganso Ntchisi adali pansi pa Kota Kota. Tinene kuti Dowa idakhalapo ndi siteshoni yake, kungoti idali kuchigwa, kutali ndi anthu ake ambiri a m'zitunda. Malire atadulidwanso, siteshoni idapita ndi Salima, Dowa n'kutsala chimanjamanja.

Azungu sadaike zitsulo zimenezi chifukwa chomvera chisoni anthu oyenda pansi. Chidawakoka ndi katundu. M'zaka za m'ma 1920, A. F. Barron wa ku Mbabzi adayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa alimi akuda, ndipo ulimiwu udagwira ngati moto wolusa m'maboma a Lilongwe ndi Dowa. Pofika 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Kuchigwa kudali thonje, kumtunda fodya ndi mtedza, koma mafakitale ndi ogula adali ku Limbe, komwe okushoni idatsegulidwa mu 1938. Tsono fodya wa mlimi wa kwa Chiwere kapena kwa Msakambewa amayenda ulendo wautali kuposa mwini wake: kuchoka m'nyumba yofukizira atanunkha utsi, kusenzedwa pamutu kukafika pamsika, kukwera lole yotsetsereka ndi fumbi mpaka pa Salima, kenako kulowa m'bogi. Mlimi amabwerera kumudzi ndi timashereni tomwe gawo lake lidali kale la msonkho.

Anthu nawo adaikwera, koma ambiri osati popita kukacheza. Amuna a ku Dowa ndi Ntchisi adali m'gulu la omwe amapita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Ena amadzera kumtunda, wapansi kapena pa malole, ena amatsikira ku Salima. Tayerekezani munthu wobadwira kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, wozolowera nkhungu ya m'mawa ndi kuotha moto mu Juni, atayenda masiku ndi kamba wa chimanga chokazinga m'kathumba, n'kufika pamalo pomwe ngakhale usiku thukuta silileka, udzudzu uli ng'wee, kutsogolo kwake chinthu chakuda chikufuka utsi ndi kupuma ngati ng'ombe yotopa. Obwerako amatsika pomwepo ndi sutukesi ya malata, njinga, mwina ndi galamafoni. Osabwerako ndi aja tidawatcha matchona.

Chidakweza njanji pachitunda ndi likulu. Dr Kamuzu Banda atasamutsa boma kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, kudali kosayenera kuti mzinda watsopano uzidalira malole okha. Dziko la Canada lidathandiza ndi ndalama ndi akatswiri, ndipo ntchito idali yosaseweretsa: Salima ali pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe apitirira 1,000. Sitima sikwera phiri molunjika ngati mbuzi. Imafuna kuzungulira, kudula zitunda, kukwirira zigwa ndi kuwoloka mitsinje pa milatho. Mu 1979 idafika ku Kanengo, chaka chotsatira n'kufika ku Mchinji.

Apa m'pamene mbiriyi imaseketsa. Nthawi yomweyo okushoni ya fodya idatsegulidwa ku Kanengo komweko. Fodya wa ku Dowa, yemwe kale adaitana njanji kuti ibwere ku Salima, adalekeratu kutsikira kunyanja. Adayamba kuyenda pa msewu wa M1, kudzera pa Mponela ndi Lumbadzi, n'kukakumana ndi sitima atagulidwa kale. Njanji idakwera mapiri, inde, koma idalambalala Boma la Dowa, Mponela ndi Madisi. Ku Ntchisi ndiye sidapondeko n'komwe.

Chisangalalo cha 1979 sichidakhalitse. Nkhondo ya ku Mozambique idadula njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo njanji yatsopanoyo idasanduka ngati mtsinje wopanda mathiriro. Katundu adasamukira pa mathiraki, ena odzera ku Tete, ena ku Dar es Salaam, ndipo ngakhale mtendere udabwerera, ambiri sadabwererenso. Mu 1999 boma lidapereka ntchito za Malawi Railways kwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2003 madzi osefukira adakokolola mlatho wa Rivirivi kufupi ndi Balaka, chigawo chapakati n'kudukanso kwa kanthawi. Kachidutswa ka Mchinji mpaka Chipata, komwe kadalonjezedwa kuyambira nthawi ya Kamuzu ndi Kaunda, kadatsegulidwa mu 2010. Ndalama zochuluka za zaka zotsatira zidatsata malasha a ku Moatize, pa njanji yodutsa ku Mwanza, Neno ndi Nkaya kulowera ku Nacala. Sitima ya anthu idatsalira kumwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi.

N'chifukwa chake mu 2024, sitima yonyamula mafuta itafika ku Kanengo patatha zaka zambiri, idalandiridwa ngati mlendo wochokera ku Joni, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera ali pomwepo. Ine ndidaona zithunzi zake pa Facebook ndili m'minibasi yodzaza mpaka pakhomo, thumba la mbatatesi ya ku Ntchisi lili pamiyendo panga ngakhale silidali langa. Mnyamata yemwe adakhala pambali panga adasuzumira foni, n'kufunsa ngati sitimayo imanyamulanso anthu. Nditamuuza kuti ayi, ndi mafuta okha, adagwedeza mutu. Adati sitima adangoiona m'buku la kusukulu. Kenako adagogoda denga, n'kutsikira pamphambano pomwe anyamata a kabaza adali atayamba kale kulimbirana chikwama chake.