Ofufuza Adafunsa Pabwalo, Nasiya Pamtondo

Kwa Mfumu Mpama m'boma la Chiradzulu, monga m'madera ambiri a kummwera, mtundu umatsata kuchikazi. Mwamuna amapita kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Komatu pamene anthu ophunzira adayamba kulemba za chikhalidwe chotere, mawu a amayi sadamveke kwenikweni.

Chifukwa choyamba chidali chakuti ofufuza ambiri adali amuna. Ngakhale ku Mangalande, yunivesite ya Cambridge idayamba kupatsa akazi madigiri m'chaka cha 1948. Chachiwiri, boma la atsamunda linkalamulira kudzera mwa mafumu, choncho mlendo wofunsa za miyambo ankafikira pabwalo, pomwe olankhula adali mafumu ndi nduna zawo. J. Clyde Mitchell, yemwe adatumidwa ndi bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, adatulutsa buku la The Yao Village mu 1956, ndipo lidafotokoza kwambiri za mafumu a m'midzi ndi eni mbumba.

Akazi ochepa adalowamo ndithu. Margaret Read adafufuza za Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndipo Audrey Richards adalemba buku la Chisungu mu 1956, lonena za chinamwali cha atsikana a Chibemba. Koma awa adali azungu. Anamkungwi amene adawaphunzitsa sadapatsidwe mpata wolemba okha.

Phindu lofunsa amayi lidaoneka mu 1987, pamene Megan Vaughan adalemba mbiri ya njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Makalata a boma ankanena za chilala, fodya ndi kuchuluka kwa anthu. Iye adamvetsera nyimbo za pamtondo, ndipo amayi adaulula zina: akamwini ambiri adathawira kwawo, kusiya akazi ndi ana alibe chakudya. Patapita zaka khumi, mu 1997, Isabel Apawo Phiri, mayi wa Chimalawi, adatulutsa buku lofotokoza za amayi a Chichewa mu mpingo ndi m'chipembedzo cha makolo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Zigayo zachepetsa mitondo, ndipo nyimbo zake zikutha pamodzi ndi oziimba. Mdzukulu wofuna kudziwa malire a munda wa mbumba yake, kapena kumene makolo adachokera, ayambe wakhala pansi ndi agogo aakazi akadali moyo, atatenga kope ndi cholembera.