Mmene Akhristu Oyamba a ku Hawaii Ankakonzekera Ubatizo

Amishonale ochokera ku Boston, otsogozedwa ndi Hiram Bingham ndi Asa Thurston, atafika pa zilumba za Hawaii mu 1820, anapeza mafumu atathetsa kale kapu, ndiko kuti malamulo a zoletsa amene ankamanga chipembedzo cha makolo. Ngakhale khomo linali lotseguka chotero, iwo sanafulumire kubatiza anthu, pakuti mpingo wawo unkaphunzitsa kuti wamkulu aliyense wofuna ubatizo ayenera kudziwa zimene Malemba akunena ndi kuonetsa m'makhalidwe ake kuti watembenukadi mtima.

N'chifukwa chake ntchito inayambira pa kuwerenga. Mu Januwale 1822 Elisha Loomis anasindikiza masamba oyamba a chilankhulo cha Hawaii, ndipo maphunziro atsopanowa, amene eni dziko ankawatcha palapala, anafalikira msanga mafumu atalamula anthu awo kupita kusukulu. Popeza Baibulo linali lisanamasuliridwe, wokonzekera ubatizo ankaloweza katekisimu ndi ndime zochepa zosindikizidwa, ankafunsidwa mafunso ndi amishonale, kenaka dzina lake linkalengezedwa mumpingo ndipo ankadikira miyezi ingapo akulu akuyang'anitsitsa mayendedwe ake.

Lamulo limeneli silinkaopa ufumu. Keōpūolani, mayi wa Kamehameha II, anabatizidwa ndi William Ellis ku Lahaina mu 1823 chifukwa anali pafupi kumwalira, koma Kaʻahumanu, amene ankalamulira dziko m'malo mwa mfumu yaing'ono Kamehameha III, anadikira pafupifupi theka la chaka, nabatizidwa ku Honolulu mu Disembala 1825 ndi dzina la Elizabeth. Chokhudza mtima n'chakuti Kaʻahumanu asanabatizidwe, anali atabatizidwa kale Puaʻaiki, munthu wosaona ndi wonyozeka, amene kale ankavina posangalatsa mafumu. Iyeyu sankatha kuwerenga, koma ankasunga pamtima maulaliki ndi mavesi amene wamva, mpaka anabatizidwa ku Lahaina mu Julayi 1825 ndi dzina la Bartimeus, ndipo pambuyo pake anakhala mlaliki wodziwika.

Chipangano Chatsopano chinatha kumasuliridwa mu 1832, Baibulo lonse mu 1839. Pofika nthawiyi chitsitsimutso chinali chitafewetsa kusamala kwa masiku oyamba, moti ku Hilo, Titus Coan anabatiza anthu 1,705 tsiku limodzi mu Julayi 1838, amishonale anzake ena n'kumudzudzula kuti akuchita phuma.